Alamu Anga Ometa ndi Mphaka Amene Analeka Kusanza

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, ndi ometa tsitsi. Mumsewu mwawo amadziwika ndi dzina loti a Lumo, ndipo dzinali analilandira ndi manja awiri mpaka analilembetsa pachitseko cha shopu ndi penti yofiira. Akhala akumeta anthu kuyambira ali mnyamata. Mitu imene yadutsa m'manja mwawo ndi yosawerengeka, koma pa tsitsi lonse limene lagwa pansi pa mpando wawo, palibe ngakhale limodzi limene anawerama n'kulitola okha.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo, amene anali ndi mpando umodzi pakhonde la sitolo ya munthu wina. Kumeneko osesa anali akazi a amalumewo. Amalume atakalamba, a Lumo anatenga makina ndi kalilole n'kupeza nyumba ya zipinda zitatu. Cha kumsewu chinakhala shopu, ziwiri za kuseri chogona ndi chophikira. Chaka chomwecho anakwatira achemwali. Ine ndinali kamtsikana, ndipo ndinkaganiza kuti achemwali apita kukakhala mayi wa pakhomo pawo. Sindinkadziwa kuti shopu yapeza wantchito.

Kuyambira pamenepo malo a a Lumo anatchuka ndi ukhondo. Munthu akadzuka pampando, achemwali ankatulukira pa kachitseko ka kuseri, kusesa mwakachetechete mozungulira mapazi a amuna awo, n'kubwerera. Zipeso ankaviika m'madzi a sopo n'kumachotsa litsiro la m'mano mwake ndi kamtengo ka machesi. Kalilole ankapukuta ndi nyuzipepala yakale. Ngakhale makina ometera, owamasula ndi kuwathira mafuta anali iwo. Kasitomala akayamikira, a Lumo ankatukula chibwano n'kunena kuti ukhondo anabadwa nawo. Wina akafunsa za mayi a kunyumba, yankho linali limodzimodzi zaka zonse: mkazi wawo sagwira ntchito, amangokhala. Ankanena zimenezi achemwali ali chiweramire pambali pawo.

Munthu amene wakuika lumo pakhosi sutsutsana naye. Alamu zimenezi sanazizindikire. Ankayesa kuti anthu amavomera zonena zawo chifukwa ndi zanzeru, choncho anafika pomera imvi asanamvepo mawu oti ayi. Ankadziwa chimene chimagwetsa timu ya mpira, chimene chimadwalitsa ana, chimene chimathetsa mabanja a eni. Koma ikafika nkhani ya tsitsi, sankafuna n'komwe kuti wina atsegule pakamwa.

Mphaka anabwera ana awo atakula kale n'kuchoka pakhomo. Kasitomala wina wakalekale ankasamukira kutali ndipo anasowa kosiya mphaka wake. Poti m'shopu munali anthu omvetsera, a Lumo anadzipereka. Anali mphaka wamkazi wa ubweya wautali wotuwa, wa nkhope yophwatalala ngati wakwiyira dziko lonse. Anamutcha Dona. Ankakhala pa benchi ya odikira, ndipo ana obwera kudzametedwa ankaiwala kulira pomuyang'ana. Azimayi odutsa ankaima pawindo. Alamu ankamunyamula paphewa, kumuzungulitsa m'shopu, n'kumauza anthu kuti ameneyu ndi mwana wawo wotsiriza.

Chakudya cha mwana wotsirizayo, madzi ake, ndi beseni la mchenga mmene ankadzithandizira, zonse zinagwera m'manja omwe aja. Achemwali sanafunsidwe. Komabe mphakayo anawalowa mumtima. Iwo ndi munthu wosaonetsa chikondi poyera, koma ndinkawapeza akulankhula naye motsitsa mawu kwinaku akusenda anyezi. M'nyumba imeneyo Dona yekha ndi amene ankawatsatira kukhitchini osati kudzafunsa ngati tiyi wapsa.

Mphaka amasamba ndi lilime, ndipo lilime lake ndi lokhakhala ngati tupa. Ubweya wothothoka umakodwa pamenepo, ndipo poti sangathe kuulavula, amangoumeza. Wambiri umatuluka ndi chimbudzi. Wina umatsalira m'mimba n'kumapotana, mpaka tsiku lina mphaka amatambasula khosi, kukhosomola thupi lonse likugwedezeka, n'kusanza kampukutu konyowa kotalika ngati chala. Akatero amanyambita milomo n'kumapita ngati palibe chachitika. Kwa mphaka wa ubweya ngati wa Dona, zimenezi sizinachedwe.

Kampukutu koyamba alamu anakaponda ndi phazi lopanda nsapato akupita kosamba. Msewu wonse unamva. Atafufuza anapeza chipeso chakale chimene achemwali ankapesera mphakayo, chili ndi ubweya m'mano, ndipo mlandu unathera pomwepo. Kupesa, anagamula motero, kumadzutsa ubweya umene unagona. Ukadzuka umathothoka, ukathothoka mphaka amaudya. Analetsa kupesa. Achemwali anayesa kunena kuti ubweya wotsala pachipeso ndi umene sunalowe m'mimba, koma anafunsidwa kuti pa awiriwo amene wakalambira pa tsitsi ndani.

Ndiye anachita zimene akhala akuchita pa chilichonse m'banja limenelo: anavomera ndi pakamwa, n'kupitiriza ndi manja. Makina akayamba kulira m'shopu, iwo kuseri ankakhazika Dona pamiyendo n'kumupesa pang'onopang'ono, msana, m'khwapa, kumimba. Ubweya ankaukulunga m'pepala n'kuukankhira pansi penipeni pa bini. M'mawa ankalawirira kuyendera nyumba yonse ndi chisanza chonyowa, pansi pa bedi, kuseri kwa kabati, pansi pa benchi, kuti amuna awo akadzuka apeze pansi pali mbee. Kwa zaka zambiri a Lumo ankauza makasitomala kuti mphaka wawo anasanzapo kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo omuchiritsa anali iwo poletsa chipeso.

Nyengo yotentha itayamba, pamene amphaka amathothoka kwambiri, achemwali anaterereka pa simenti imene ankakolopa n'kuthyoka mkono wamanja. Kuchipatala anawaika chikhakha kuyambira pachigongono mpaka m'zala. Alamu anandiimbira foni ndi mawu a munthu amene akupereka mphatso. Anati aganiza mozama ndipo aona kuti wodwala akakhala bwino kwa ine, chifukwa kwawoko palibe womusamalira. M'mawu amenewa iwo sanamvemo chachilendo.

Ndinapita kukawatenga. Tisanatuluke, achemwali anatulutsa chipeso chija pamene ankachibisa, kuseri kwa zitini za pashelefu, n'kuchiika patebulo pamaso pa amuna awo. Ndinaona kuti zimenezi zinawavuta kuposa ululu wa mkono.

"Bambo, ndakhala ndikumupesa masiku onsewa. Ndikupempha muzimupesa ngakhale pang'ono, makamaka kumimba."

Alamu anayang'ana chipesocho ngati chotoledwa m'ngalande.

"N'chifukwa chake benchi yanga sitha ubweya. Pitani mukapume, mayi. Nayenso mwana wanga apume."

Ine ndimasoka zovala ndipo ndimakhala ndekha m'zipinda ziwiri, choncho malo analipo. Achemwali anavutika kuzolowera kukhala manja lende. Ankadzuka mbandakucha n'kumayang'ana choti apukute. Foni ya alamu inkalira tsiku ndi tsiku, koma osati kufunsa za mkono. Ankafuna kudziwa kumene kumakhala machesi, kumene kumagulidwa sopo, ndiponso chifukwa chimene bini ikudzadzira chonchi pamene kale sinkadzadza. Achemwali ankayankha zonse modekha, kenaka n'kufunsa za Dona. Ankauzidwa kuti ali bwino kuposa kale.

Patapita masabata angapo, Lamulungu lina masana, alamu anabwera kudzazonda. Anabwera chimanjamanja, anakhala pa mpando wanga wokhawo wa khushoni, n'kudikira tiyi.

"Ndiye mumve nkhani yabwino," anatero akutakasa shuga. "Masiku oyamba Dona anasanza apa ndi apo, zotsalira za chipeso chanu chija. Tsopano zii. Pansi pali mbee popanda wopukuta."

Achemwali anafunsa ngati mphakayo akudya. Alamu anati akusankha ngati dona weniweni, amanunkhiza n'kutembenuka. Za madzi sanaonetsetse. Za beseni la mchenga anati kumeneko ndiye kuli bwino koposa, chifukwa mchengawo ukukhala woyera osafuna kusintha. Mphaka wa mtundu wapamwamba, anatero, amadziwa kuti pakhomo palibe mzimayi.

"Nanga kukhosomola kuja?" anafunsa achemwali.

"Kumeneko akuchita, kawirikawiri ndithu. Amatambasula khosi chonchi, kho, kho, koma amadzigwira. Palibe chotuluka. Waphunzira ulemu."

Achemwali anaika kapu pansi tiyi asanamalize. Anapempha amuna awo kuti m'mawa mwake apite naye kwa dokotala wa ziweto. Alamu anaseka mpaka kutsamwa. Anati masukulu akutsegulidwa, mitu ya ana ikudikira pamzere, ndipo sangatseke shopu kukafunsa za ubweya kwa munthu amene ntchito yake ndi kubaya ng'ombe. Anamaliza tiyi, anatenga mabisiketi awiri otsala n'kuika m'thumba, n'kutsazika.

Alamu atapita, achemwali anandiuza kuti kusanza ubweya sikunkawaopsa. Mphaka akasanza n'kubwerera kumbale yake, ndiye kuti watula katundu. Chimene ankaopa zaka zonse, chimene ankafukulira mchenga tsiku lililonse, ndi chimene anali atangomvachi: kufuna kusanza osatulutsa kanthu, kusadya, ndi kusachita chimbudzi, zitatuzi pamodzi. Kumtunda sikukutuluka kanthu, kumunsi sikukutuluka kanthu, ndiye kuti chinthucho chakhala pakati. Anati akapanda kupita iwo, Dona afera pansi pa bedi, ndipo amuna awo adzadziwa ndi fungo.

M'mawa mwake tinapita. M'shopu munali modzadza, azimayi ndi ana awo pabenchi, abambo awiri ataima pakhomo. Ukhondo umene alamu anabadwa nawo unali utawathawa. Tsitsi linali litakankhidwira m'mbali mwa khoma ndi phazi, mulu wakuda kuchokera pakhomo mpaka pakona. Kalilole anali ndi zidindo za zala. Zipeso zinali m'kapu ya madzi otuwa amene ndikukhulupirira anali omwe achemwali anawasiya. Pa benchi panalibe Dona.

Tinamupeza kuchipinda, pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi. Ndinagwada n'kumukoka pang'onopang'ono. Anali wopepuka ngati mtolo wa nsanza. Ubweya wa m'khwapa ndi kumimba unali utapotana n'kuuma zibuma zibuma, maso atalowa, ndipo pachibwano ndi pachifuwa panali ponata. Nditamugwira pamimba analira kamawu kakang'ono kamene sindinakamvepo. Pafupi ndi mwendo wa bedi panali botolo la mafuta ophikira ndi supuni.

Alamu anaima pakhomo la chipinda makina ali m'manja. Anafotokoza kuti kasitomala wawo wina, makaniko wodziwa ntchito yake, anawauza kuti chilichonse chikatsekeka chimafuna mafuta. Ndiye akhala akumutsegula kukamwa n'kumuthira supuni imodzi m'mawa, ina madzulo.

"Ndiye mumadziwa kuti sali bwino, alamu," ndinatero. "Dzulo mumati waphunzira ulemu."

"Mlamu, iwe dziwa za singano. Za nyama usiyire eni ake."

Achemwali sanawayang'ane n'komwe. Anandiuza kuti ndiyale thawulo pabedi, ndipo ndi dzanja limodzi anathandiza kumukulunga. Alamu ataona kuti tikunyamuka anatambasula mkono pakhomo. Sanatsutse zoti mphaka apite kuchipatala. Chimene chinawavuta n'chakuti khomo lotulukira ndi limodzi, la m'shopu, ndipo anthu amuona Dona ali chonchi. Anati tidikire madzulo anthu akatha. Achemwali anawerama n'kudutsa pansi pa mkonowo, ine pambuyo ndi mphaka.

Tili pakati pa shopu, mayi wina wa pabenchi anasuzumira m'thawulo n'kufunsa ngati ameneyo ndi Dona, ndipo watani. Anthu onse anacheuka. Pamenepo ndi pamene chikondi cha alamu chinadzuka. Anazimitsa makina, anandilanda mtolowo m'manja, n'kulengeza kuti akutseka shopu chifukwa mwana wawo wadwala mwadzidzidzi, ndipo moyo ndi wofunika kuposa ntchito. Azimayi anawamvera chisoni. Bambo amene anali pampando anatsala mutu uli wometedwa mbali imodzi.

Dokotala wa ziweto anali mayi wamng'ono thupi, wosachulutsa mawu. Anafunsa mwini mphaka ndani, ndipo alamu anayankha funso lisanathe. Anafunsa kuti wadya liti komaliza. Alamu anati dzulo, kapena dzana, kapena tsiku lija kunabwera mphepo. Anafunsa kuti wachita chimbudzi liti. Alamu anatembenukira kwa akazi awo monga anazolowera, kudikira kuti yankho lichokere kumeneko. Koma masiku onsewo achemwali kunyumbako kunalibe, anali kwa ine. Dokotala anasiya kufunsa n'kuyamba kupapasa mimba ya Dona.

Anapita naye kukamujambula m'mimba ndi makina. Atabwerera anati m'matumbo muli chinthu chimene chatseka njira, ndipo thupi lauma chifukwa chosowa madzi. Anagwira ubweya wonata uja n'kufunsa kuti ndi chiyani. Atamva za mafuta anatseka maso pang'ono. Anati chinthu chikakhazikika m'matumbo mafuta sachisuntha, ndipo kuthira mphaka mafuta mokakamiza n'koopsa chifukwa akatsamwa amalowa m'mapapo. Alamu anati iwo amangopereka chithandizo choyamba.

Kenaka anafunsa kuti kale Dona ankasanza ubweya kangati.

"Kamodzi kokha chibadwire," anatero alamu.

"Pafupifupi sabata iliyonse," anatero achemwali motsitsa. "Kukatentha, kuposa pamenepo."

Dokotala anawayang'ana onse awiri. Anapatula ubweya wa pamsana pafupi ndi mchira n'kutionetsa timadontho takuda pakhungu, ndowe za utitiri. Anati mphaka akamayabwa amadzinyambita kwambiri, ndipo akamanyambita kwambiri amameza ubweya wambiri. Kusanza mwa apo ndi apo si nkhani, koma sabata ndi sabata ndi chizindikiro choti pali china, kaya pakhungu kaya m'mimba momwemo. Kupesa kunkathandiza, koma sikunkachotsa gwero.

"Mukanabwera naye kale, mayi," anatero, osati mokalipa.

Achemwali anazolika. Akanabwera naye bwanji kwa dokotala mphaka amene kunyumba kwake lamulo linkati sasanza? Koma alamu mawu a dokotalawo anawatola ngati munthu watola chikwama pamsewu. Pa zonse zimene zinanenedwa m'chipindamo, za mafuta, za mchenga, za masiku osadya, iwo anamva chimodzi chokha.

"Mwamva? Kubisa," anatero. "Ine ndikanadziwa, bwenzi nditachitapo kanthu kalekale."

Opaleshoni inali ya tsiku lomwelo. Dokotala sanalonjeze kanthu. Anati zitengera ngati matumbo awonongeka pamene chinthucho chakhala, ndiponso ngati thupi lofooka chonchi lipirira mankhwala ogonetsa. Tinakhala pabenchi ya panja. Achemwali anafumbata thawulo lija pamiyendo, chala chawo chikungoyenda m'mphepete mwake. Alamu anabwereza mawu oti kubisa kangapo, ndipo ataona kuti palibe woyankha anatembenukira kwa bambo wina amene anabwera ndi galu. Anamuuza kuti amene amamumeta akumuwononga kumbuyo, n'kumulongosolera njira ya ku shopu kwawo. Kenaka anandifunsa ngati pafupi pali pogula chakumwa chozizira, ndipo ngati ndingapite.

Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka ndi kambale kachitsulo. Munali mpukutu wa ubweya wotalika ngati chikhato, wolimba ngati chingwe chonyowa. Anati matumbo anatupa koma sanawole, wawasoka, ndipo Dona wadzuka. Achemwali anatulutsa mpweya wautali n'kuika nkhope m'thawulo muja.

Anatilowetsa kuti timuone. Anagona cham'mbali m'kakhola, diripi ili pamwendo wakutsogolo, mimba yonse ndi m'khwapa zitametedwa mpaka khungu. Achemwali analowetsa zala ziwiri pa waya, ndipo mphakayo anasuntha mutu pang'ono kuti azikhudze. Alamu anawerama, anayang'anitsitsa kwa nthawi, n'kuwongoka nkhope itakwinyika.

"Wameta ndani apa? Taonani mizere yonseyi."

Dokotala anali akusamba m'manja ndipo sanatembenuke.

Dona anakhala kuchipatalako masiku angapo. Tsiku lomutulutsa tinapitanso atatu. Dokotala anayala zonse patebulo: mapiritsi, mankhwala a utitiri, kolala ya pulasitiki yoti asanyambite bala. Anati chakudya chikhale chofewa, pang'onopang'ono, madzi asasowe, ndipo ubweya wotsalawo uzipesedwa tsiku lililonse. M'nyumba monse mmene ankagona muchapidwe chifukwa utitiri umabisala m'nsalu. Akadzaonekanso akufuna kusanza osatulutsa kanthu, kapena kukana chakudya tsiku lathunthu, kapena kusachita chimbudzi, asadikirenso. Ndiye anafunsa kuti azichita zimenezi ndani.

Alamu anati mayi ake, amene akhoza kubwerera kunyumba lero lomwe, poti mkono wamanzere uli bwinobwino ndipo kwa mlamu akhalitsa.

"Dona apita kumene ndikukhala ine," anatero achemwali.

"Mphaka ndi wanga, mayi."

"Ndi wanu, bambo." Anakankhira kathumba ka mankhwala kwa iwo ndi nsonga ya chikhakha. "Mapiritsi ndi awa, m'mawa ndi madzulo. Muzimutsegula kukamwa n'kukankhira kukhosi, koma amaluma. Balalo muziliona ngati likutuluka mafinya. Mchenga muziufukula ndi manja kuti muone chimene wachita."

Alamu anayang'ana kathumbako. Manja awo anakhalabe m'matumba a thalauza. Anayang'ana dokotala, anayang'ana ine, anakhosomola pang'ono. Kenaka anati aganiza mozama, ndipo aona kuti mwana wodwala malo ake ndi pafupi ndi mayi ake.

Dona anachirira m'chipinda changa chosokera, m'katoni imene tinayalamo malaya akale. Masiku oyamba ankangonyambita msuzi wa nsomba pa chala cha achemwali. Mapiritsi tinkamupatsa awiri, ine kugwira, iwo kukankha, ndipo zipsera za mano ake ndili nazo mpaka pano. M'mawa wina achemwali anandiitana kuchokera kubafa ndi mawu amene ndinayesa kuti agwanso. Ndinawapeza atagwada pa beseni la mchenga akuloza ndi dzanja lamanzere, nkhope ili ngwee. Azimayi awiri a imvi tinaima pamenepo kuyamikira chimbudzi cha mphaka, mpaka tinayamba kuseka.

Ubweya wa kumimba wameranso. Utitiri unatha, ndipo kampukutu tsopano timakaona patalipatali, kamodzi pa nthawi yaitali. Tikakapeza timapukuta masana poyera, amene wayamba kukaona. Chikhakha anachotsa kalekale. Achemwali ayamba kundithandiza kupinda mipendero ya masiketi, ndipo za kubwerera sananenepo kanthu. Inenso sindinafunse.

Kushopu, ndikumva, nkhani imakambidwa mwanjira ina. Akuti a Lumo anaona zizindikiro msanga, anamugwiriziza mphakayo ndi mafuta mpaka kufika naye kwa dokotala, ndipo dokotalayo anati akanachedwa pang'ono basi zikanaipa. Tsopano anamutumiza kwa mlamu wawo kuti akapume mpweya wina. Omvera amavomera, poti lumo lili pakhosi.

Lamulungu lililonse amabwera kudzaona mwana wawo. Amamukanda pamutu kawiri, Dona amatsika pampando n'kupita kukhitchini, ndipo iwo amamwa tiyi. Ulendo wina pochoka anaiwala chikwama cha pulasitiki pansi pa mpando. Nditasuzumiramo ndinapeza malaya akuda m'khosi, masokosi ndi mathalauza awiri, zonse zosachapa. Ndinawaonetsa achemwali. Anayang'ana, anati ndichibwezere pamene chinali, n'kupitiriza kupesa mphaka. Lamulungu lotsatira alamu anafika atanyamula chikwama chachiwiri, ndipo powerama kuti achilowetse pansi pa mpando anapeza malo palibe.